Funsani Amisiri: Kaampulifaya ka Mahedifoni Kopanga Nokha

Makalata onse a ulendo uno akukhudza kaampulifaya (kachipangizo kokweza mawu) ka mahedifoni koyendera mathiranzisita. Tayamba ndi la wowerenga amene akufuna kukapanga, popeza mayankho enawo akutsamira pa seketi yomweyo.

Funso: Ndili ndi mahedifoni akuluakulu ovala kumutu, koma ndikawalumikiza pafoni mawu amatuluka ochepa ndiponso ofooka. Kuwotcherera ndimakudziwa pang'ono. Kodi pali kaampulifaya kosavuta koti ndingapange ndi mathiranzisita okha, popanda IC, kachipangizo kaja kokhala ndi seketi yonse m'kati mwake?

Yankho: Kalipo, ndipo khutu lililonse limafuna mathiranzisita awiri basi. Tifotokoza mbali imodzi, ya khutu linalo muipange chimodzimodzi. Magetsi ake ndi 12 V a DC.

Thiranzisita yoyamba, imene tiziitchula kuti Q1, ndi BC549C kapena BC547C. Ntchito yake ndi kukweza mavoti a nyimbo. Yachiwiri, Q2, ndi BD139. Iyo sikweza mavoti ngakhale pang'ono, koma ndiyo imapereka mphamvu yokankhira mahedifoni. Thiranzisita iliyonse ili ndi miyendo itatu: emitter, base ndi collector. Emitter ya Q1 ipite ku girawundi, kumene ndi kunegetivu kwa magetsi. Collector yake ikwere ku pozitivu kudzera pa rezisita ya 2.2k (k ndi ma-ohm 1,000, pamene Ω ndi chizindikiro cha ma-ohm), ndipo collector yomweyo ilumikizidwe ku base ya Q2 kudzera pa karezisita ka 47 Ω. Collector ya Q2 ipite mwachindunji ku 12 V, emitter yake itsikire ku girawundi kudzera pa rezisita ya 100 Ω ya 1 W. Apa musaikepo timarezisita tating'ono ta 0.25 W, tipsa.

Kenako pali marezisita awiri amene agwira seketi yonse. Ya 100k ichoke pa emitter ya Q2 kubwerera ku base ya Q1. Ya 12k ichoke pa base ya Q1 kupita ku girawundi. Awiriwa ndi amene amaika emitter ya Q2 pa 6 V kapena kupitirira pang'ono, pakatikati pa 0 ndi 12, kuti nyimbo zikhale ndi mpata wokwerera ndi wotsikira. Base ya Q1 sisuntha kwenikweni, imakhala pa 0.6 mpaka 0.65 V. Mavoti a pa emitter ya Q2 akafuna kukwera, Q1 imatseguka kwambiri n'kukokera base ya Q2 pansi. Akafuna kutsika, Q1 imalekerera. Motero seketi imadziwongola yokha. Pa miyendo iwiri ya rezisita ya 100k ija wotchereranipo kakapasita ka 22 pF.

Nyimbo zimalowera pa voliyumu ya 10k, yamapasa ya miyendo 6, itatu ya khutu lililonse. Mwendo wina wa kumapeto ulandire nyimbo, wa kumapeto winawo upite ku girawundi, wapakati upite ku kapasita ya 1 µF, kuchoka apo ku rezisita ya 22k, n'kufika pa base ya Q1. Mukagawa 100k ndi 22k mupeza 4.5, ndipo ndiwo mlingo umene seketiyi imakwezera mavoti. Potulukira, chokani pa emitter ya Q2 ndi kapasita ya 470 µF ya 16 V kapena 25 V, mwendo wake wa pozitivu uyang'ane ku emitter, kenako rezisita ya 10 Ω, kenako jaki ya mahedifoni. Pakati pa kapasitayo ndi ya 10 Ω ikanipo rezisita ya 1k yopita ku girawundi.

Polowera magetsi ikani kapasita ya 1000 µF ndi ina ya 100 nF, zonse pakati pa pozitivu ndi girawundi. Rezisita ya 2.2k isalumikizidwe mwachindunji ku 12 V ayi. Ikani kaye ya 220 Ω, ndipo pamene ziwirizi zakumana tsitsanipo kapasita ya 220 µF kupita ku girawundi. Timeneti ndi tomwe timasefera Q1 magetsi.

Pa mahedifoni a 32 Ω seketiyi imapereka pafupifupi 30 mW mawu asanayambe kusasa. Zikuoneka zochepa, koma mahedifoni ambiri amafika 95 mpaka 100 dB ndi 1 mW yokha. Choncho mphamvu yowonongera makutu ilipo yokwanira. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire 80 dB kwa maola 40 pamlungu, ndipo mukamakweza, maolawo amachepa mofulumira.

Poyatsa koyamba musalumikize mahedifoni anu abwino. Ikani mita pa mA, idutse pa waya wa pozitivu. Mbali imodzi idye 60 mpaka 65 mA, mbali zonse ziwiri pafupifupi 125 mA. Ikaonetsa zoposa 200 mA thimitsani nthawi yomweyo. Zikakhala bwino, yezani mavoti a DC pa rezisita ya 1k. Pakapita masekondi ochepa atsike kufika pansi pa 50 mV. Apo m'pamene mungalumikize timahedifoni takale toti tikapsa simudandaula.

Funso: Ndinalumikiza zonse monga zinalembedwera pa chithunzi cha seketi ya mtundu umenewu, koma kuli zii. Ndasintha mathiranzisita onse, kenako makapasita, komabe palibe chikumveka. Ndisinthenso chiyani?

Yankho: Musasinthenso kanthu. Kuzula ndi kubwezeretsa zipangizo musanayeze kumangomatula timizere ta kopa pabolodi, ndipo vuto limodzi limasanduka atatu. Tengani mita, muiike pa mavoti a DC, waya wakuda ukhale pa girawundi, muyeze malo atatu nyimbo zisakulira: emitter ya Q2, collector ya Q1, ndi base ya Q1. Seketi yabwino imaonetsa 6 mpaka 6.5 V pa emitter ya Q2, pafupifupi 0.7 V pamwamba pa amenewo pa collector ya Q1, ndi 0.6 mpaka 0.65 V pa base ya Q1. Manambala atatuwa amaulula pafupifupi vuto lililonse la seketiyi.

Tinene kuti pa emitter ya Q2 mwapeza 8 V kapena kuposa, ndipo rezisita ya 100 Ω ikutentha kwambiri. Ndiye kuti Q1 sikukoka. Chifukwa chake chili pa base. Mukapezapo 0 V, rezisita ya 100k siinagwire, kapena kadontho ka mtovu kalumikiza base ndi girawundi. Mukapezapo pafupifupi 0.1 V, mwaika 1.2k pamalo pa 12k. Kulakwitsa kumeneku n'kofala, chifukwa ya 12k ndi bulauni, kufiira, olenji, pamene ya 1.2k ndi bulauni, kufiira, kufiira, ndipo m'chipinda chosawala bwino olenji ndi kufiira sizisiyana. N'chimodzimodzi 2.2k ndi 22k. Rezisita iliyonse muziiyeza ndi mita musanaiwotcherere, mitundu ija musaikhulupirire kwambiri. Mukapeza pafupifupi 1 V pa base, emitter ya Q1 siinafike ku girawundi kapena thiranzisitayo inaduka mkati.

Ngati pa emitter ya Q2 pali 1 mpaka 2 V, ya 12k ndiyo siinagwire. Ngati pali 0 V, yang'anani collector ya Q1. Ikakhala pafupi ndi 12 V, vuto ndi Q2: yafa, kapena mwendo wake wina suli pamalo pake. Ikakhala nayonso pa 0 V, magetsi sakudutsa pa ya 220 Ω ndi ya 2.2k, kapena Q1 yalumikizana mkati pakati pa collector ndi emitter.

Nkhani ya miyendo ndi imene imagwetsa anthu ambiri. Mukagwira BC547 kapena BC549 mbali yake yophwatalala ikukuyang'anani, miyendo ili pansi, kuchokera kumanzere ndi collector, base, emitter. 2N3904 imaoneka chimodzimodzi koma yake ndi emitter, base, collector. C945 ndi C1815 zake ndi emitter, collector, base. BD139, mbali yolembedwa ikukuyang'anani, ndi emitter, collector, base, kutanthauza kuti mwendo wapakati si base monga ambiri amaganizira. Ngati munaika 2N3904 m'mabowo a BC547 osaitembenuza, collector ndi emitter zasinthana. Thiranzisita yotero siphulika, imangokhala yofooka, ndipo emitter ya Q2 imakwera kufika cha ku 8 V. Imene yakhala yotembenuzidwa chonchi magetsi ali oyaka ndi bwino kuitaya, chifukwa imatha kukhala yaphokoso ngakhale muiike bwino.

Kuti mudziwe ngati thiranzisita ndi yamoyo, ichotseni pabolodi, muike mita pa chizindikiro cha diode. Pa thiranzisita ya mtundu wa NPN, monga BC547, BC549 ndi BD139, waya wofiira ukhale pa base. Wakuda ukakhudza collector, kenako emitter, mita ionetse pakati pa 0.55 ndi 0.75 malo onse awiri. Mukasinthanitsa mawaya isaonetse kanthu. Pakati pa collector ndi emitter pasaoneke kanthu mbali zonse.

Pali vuto lina losaoneka msanga. BC547 ili m'magulu atatu: A imachulukitsa magetsi olowa pa base ka 110 mpaka 220, B ka 200 mpaka 450, C ka 420 mpaka 800. Mukaika ya gulu A, base yake imadya magetsi ambiri kudzera pa ya 100k, ndipo emitter ya Q2 imakwera kufika 7 V kapena kupitirira. Seketi imalira ndithu koma imasasa msanga. Sinthani ya 12k muikepo 15k, zibwerera pakati.

Nanga mavoti onse atatu akakhala bwino koma kuli zii? Pamenepo mathiranzisita alibe mlandu, funani pa njira ya nyimbo. Chotsani foni, ikani voliyumu pakatikati, gwirani chitsulo cha sikuludilaiva n'kukhudza mwendo wapakati wa voliyumu, mahedifoni ali pafupi ndi khutu osati m'khutu. Mukamva kung'ung'udza, ampulifaya ikugwira ntchito, ndipo vuto lili pa waya wochokera kufoni kapena jaki yolowera. Mukapanda kumva, tsatirani ndi mita kuchokera pa emitter ya Q2 mpaka pa jaki yotulukira. Majaki ena ali ndi miyendo yoonjezera imene imalumikizana pokhapokha pulagi itatuluka, ndipo munthu akawotcherera pa imeneyo mawu amaduka akangolowetsa mahedifoni. Yang'ananinso mowotcherera monse. Mtovu wabwino umayenderera n'kukumbatira mwendo ndi kopa. Wongokhala ngati kampira pamwamba sunagwire, uwotcheninso masekondi awiri kapena atatu nsonga ya chowotcherera ikukhudza mwendo ndi kopa pamodzi.

Funso: Yanga ikulira bwino, koma BD139 ndi rezisita yaikulu ija zikutentha ngakhale nyimbo nditazimitsa. Komanso batire la 9 V likutha tsiku lisanathe. Kodi pali shoti penapake?

Yankho: Palibe shoti, ndi mmene seketi ya mtundu wa Class A imakhalira. Ili ngati galimoto imene yaima koma injini ikulira. Pa 100 Ω pali 6 V nthawi zonse, choncho 60 mA ikudutsa kaya nyimbo zilipo kaya palibe. Rezisita imatulutsa kutentha kwa 0.36 W, ndipo BD139 imatulutsanso kofanana nako. Phindu lake n'lakuti thiranzisita sizima pakati pa nyimbo, n'chifukwa chake mawu amamveka oyera chonchi. Ngati chala chikupirira masekondi asanu pa thiranzisita, zili bwino. Komabe imangirireni pa kachidutswa ka aluminiyamu ka masentimita 3 kwa 4, makamaka ngati muitsekera m'kabokosi. Dziwani kuti chitsulo cha kumsana kwa BD139 ndi collector, ndipo chili pa 12 V. Ma BD139 a makutu onse awiri angakhale pa aluminiyamu mmodzi popeza onse ali pa pozitivu yemweyo, koma aluminiyamuyo asakhudze bokosi lachitsulo.

Batire la 9 V la alkaline limasunga pafupifupi 500 mpaka 600 mAh. Pa 120 mA ndi maola anayi, ndipo nthawi zambiri silifika n'komwe. Pali chinanso. Mavoti a pa emitter ya Q2 satsatira magetsi olowa, amatsatira marezisita a 100k ndi 12k. Mukaipatsa 9 V emitter imakhalabe pafupi ndi 6 V, m'mwamba mumatsala mpata wochepa, ndipo batire likangofooka mawu amasweka. Pa 9 V sinthani ya 12k muikepo 18k kuti emitter itsike kufika 4.5 V. Mabatire 8 a AA otchaja a NiMH amapereka 9.6 V, ndipo a 2000 mAh, mutaikapo 18k ija, angakufikitseni cha ku maola 20. Batire lomata la 12 V 7 Ah limapitirira maola 40, koma ikani fyuzi ya 500 mA pafupi ndi mutu wake, chifukwa batire lotere likachita shoti limayatsa waya.

Funso: Muli phokoso la hmmm losaleka, ndipo limamveka kwambiri nyimbo ikatha. Ndikugwiritsa ntchito adaputa yolembedwa 12 V.

Yankho: Yambani n'kupeza kumene phokosolo likulowera. Chotsani foni, mutsitse voliyumu mpaka pansi. Likatha, likulowera ku mawaya a nyimbo. Likapitirira, chotsani adaputa muyese ndi batire. Likatha ndi batire, adaputa ndiyo yolakwa.

Ma adaputa akale olemera aja, a thiransifoma, ambiri alibe chowongolera mavoti. Olembedwa 12 V amatha kutulutsa 15 mpaka 17 V akakhala kuti sakukokedwa kwambiri, ndipo pamwamba pake pamakhala mafunde a 100 Hz kumene magetsi a m'nyumba ndi a 50 Hz, kapena a 120 Hz kumene ndi a 60 Hz. Yezani yanuyo ampulifaya ili yoyaka. Ngati ikupereka 15 V kapena kuposa, ikani chowongolera mavoti cha 7812 pakati pa adaputa ndi ampulifaya. Mbali yolembedwa ikukuyang'anani, miyendo yake ndi polowera, girawundi, potulukira. Ikani 330 nF polowera ndi 100 nF potulukira, pafupi kwambiri ndi miyendoyo, ndipo polowera pakhalenso ya 1000 µF. Imafuna kuti polowera pakhale mavoti oposa otuluka ndi 2 V kapena 2.5 V, choncho ngati adaputa yanu ikupereka 12 V yeniyeni, 7812 siigwira ntchito. Ikani 7809 ndipo musinthe ya 12k ikhale 18k. Chitsulo cha kumsana kwa 7812 ndi girawundi. Musachimangirire pa aluminiyamu mmodzi ndi BD139, mukatero mwalumikiza pozitivu ndi negetivu. Ma adaputa opepuka a masiku ano sakonda kung'ung'udza, awo amalira kamluzu kapena tsiii, ndipo njira yosavuta ndi kuyesa ina.

Phokoso likakhalapo ngakhale adaputa ili yabwino, onani mmene munayendetsera girawundi. Magetsi a rezisita ya 100 Ω, a kapasita ya 1000 µF ndi a jaki ya mahedifoni ndi ambiri. Akamadutsa pa kamzere kamodzi ndi emitter ya Q1 komanso girawundi ya voliyumu, timavoti tochepa timene timabadwa pa kamzereko Q1 imatiyesa nyimbo n'kutikweza. Sankhani malo amodzi, pafupi ndi mwendo wa negetivu wa kapasita ya 1000 µF, ndipo girawundi iliyonse ifike pamenepo ndi waya wakewake.

Ngati likulowera ku mawaya a nyimbo, gwiritsani ntchito waya wokhala ndi ukonde wa kopa kunja, ukondewo upite ku girawundi, ndipo mawayawo akhale aafupi, kutali ndi thiransifoma. Chitsulo cha thupi la voliyumu chilumikizeninso ku girawundi. Chizindikiro choti sichinalumikizidwe n'chakuti phokoso limasintha mukachigwira ndi dzanja. Ndipo ngati limabwera pokhapokha foni kapena laputopu ili pa chaja, ampulifaya yanu ilibe vuto, phokosolo likuchokera ku chajayo.

Funso: Zida zoimbira zikumveka, koma mawu a woimba akumvekera patali kwambiri, ngati ali m'chipinda china. Besi nayonso yasowa. Ndikagwedeza pulagi zimabwerera kwa kanthawi.

Yankho: Girawundi ya mahedifoni yaduka. Pa pulagi ya zigawo zitatu, nsonga ndi khutu la kumanzere, chigawo chapakati ndi la kumanja, cha kumunsi ndi girawundi ya makutu onse awiri. Imeneyi ikaduka, magetsi amachoka kumanzere n'kudutsa m'makutu onse awiri kupita kumanja, ndiye mumangomva kusiyana kwa mbali ziwirizo. Mawu a woimba ndi besi nthawi zambiri amajambulidwa mofanana mbali zonse, choncho amafafanizika. Wotchereraninso mwendo wa girawundi wa jaki, ndipo ngati kachitsulo ka mkati kafooka sinthani jaki yonse. Zoterezi zimachitikanso ndi mahedifoni a maikolofoni, a pulagi ya zigawo zinayi, pamene kachitsulo ka girawundi ka jaki kagwera pa chigawo cha maikolofoni. Mudzadziwa chifukwa mawu amabwerera mukadina batani loyankhira foni.

Funso: Mawu ake ndi owonda, besi palibe. Komanso ndikayatsa mumamveka phu! wamphamvu m'makutu. Potulukira ndinaikapo kapasita ya 47 µF chifukwa ndi imene ndinali nayo.

Yankho: Kapasita yotulukira pamodzi ndi mahedifoni zimatsekereza mawu a pansi, ndipo malire ake mutha kuwawerengera nokha. Chulukitsani ma-ohm ndi ma-µF, kenako mugawe 160,000 ndi yankholo. Mahedifoni a 32 Ω kuphatikiza rezisita ya 10 Ω ndi 42. Ndi 47 µF yanuyo malire ali pa 81 Hz, pamenepo mphamvu yatsika kale ndi theka, ndipo kumunsi kwake ikungotsikiratsikira. Ndi 100 µF ali pa 38 Hz, ndi 470 µF ali pa 8 Hz. Mahedifoni a 300 Ω sasamala zimenezi, koma a 16 Ω ndi a 32 Ω amafuna 470 µF.

Onaninso kapasita yolowera. Ya 1 µF imalembedwa 105. Yolembedwa 104 ndi 0.1 µF, ndipo ndi rezisita ya 22k malire amakwera kufika 73 Hz. Yolembedwa 103 imawafikitsa pa 730 Hz, besi yonse n'kutheratu. Tinenenso kuti masiponji a mahedifoni akaphwa kapena kung'ambika besi imathawira m'mbali, ndipo pamenepo ampulifaya singathandize.

Phu uja amabwera chifukwa kapasita yotulukira imayenera kudzaza kuchoka pa 0 kufika 6 V, ndipo magetsi odzazirawo amadutsa m'mahedifoni. Rezisita ya 1k ija ilipo kuti adutse mwa iyo. Yatsani, dikirani masekondi atatu, kenako lowetsani mahedifoni, ndipo muwatulutse musanathimitse. Mukasintha kapasita ya 220 µF ya ku Q1 n'kuikapo 1000 µF mavoti amakwera pang'onopang'ono, phu amachepa. Posintha kapasita yotulukirayo samalani miyendo. Yotembenuzidwa imatupa n'kuyamba kudutsitsa DC, ndipo magetsi oposa 100 mA akakhazikika m'kawaya kopyapyala ka m'mahedifoni kamapsa.

Funso: Ndikakweza voliyumu kupitirira theka, ng'oma zimasweka. Mahedifoni anga ndi a 16 Ω. Mnzanga akuti ndisinthe ikhale ya mathiranzisita awiri potulukira, wina wokankha wina wokoka, kuti isamadyenso batire. Akunena zoona?

Yankho: Kusweka kumeneko kuli ndi chifukwa chodziwika. Nyimbo ikamakwera, BD139 imakankha magetsi ambiri mmene angafunikire. Ikamatsika, wokoka ndi rezisita ya 100 Ω yokha, ndipo singakoke kuposa 6 V kugawa ndi ma-ohm onse, amene kwa inu ndi 100 kuphatikiza 10 kuphatikiza 16. Yankho ndi 48 mA, ndipo funde likafuna zoposa apo limadulidwa kumunsi. Njira yachidule ndi kuikapo 68 Ω ya 2 W. Magetsi amakwera kufika 88 mA, kutentha kwa BD139 kumapitirira 0.5 W, ndiye aluminiyamu uja sachitanso kufunsa. Musanatero yezani emitter ya Q2, mwina yangochoka pakati.

Mnzanuyo sakunama. Chotsani BD139, ya 47 Ω ndi ya 100 Ω. Pakati pa rezisita ya 2.2k ndi collector ya Q1 ikani ma diode awiri a 1N4148 otsatizana, mizere yawo iyang'ane ku Q1. Mathiranzisita awiri atsopanowo ndi BC337 ndi BC327. Base ya BC337 ilumikizidwe pamwamba pa ma diode, collector yake ku pozitivu. Base ya BC327 ilumikizidwe pa collector ya Q1, collector yake ku girawundi. Emitter iliyonse ikhale ndi rezisita ya 4.7 Ω, ndipo pamene ziwirizo zakumana ndi pamene pazichokera ya 100k ndi kapasita ya 470 µF. Yezani pakati pa ma emitter awiriwo nyimbo zisakulira: 50 mpaka 100 mV ndiye kuti mukudutsa 5 mpaka 10 mA, zimene zili zoyenera. Mukapeza pafupifupi 0, mathiranzisita onse awiri amakhala ozima pamene funde likudutsa pakati, ndipo mawu amakanda makamaka voliyumu ikakhala yotsika. Onjezani rezisita ya 10 mpaka 47 Ω motsatizana ndi ma diode, kuyambira yaing'ono. Manambala akamangokwera okha mphindi zikamapita, mathiranzisita akutentha n'kumadya magetsi ochulukirachulukira. Thimitsani, mugundanitse ma diode ndi matupi a mathiranzisitawo kuti azitenthera limodzi, ndipo marezisita a 4.7 Ω musawachotse. Ife tikuona kuti yogwiritsa ntchito patebulo ndi bwino ikhale ya BD139 ija, chifukwa ilibe zoyezayeza zonsezi. Ya mathiranzisita awiri potulukirayi ndi ya amene akufunadi kuyenda nayo pa batire.

Funso: Voliyumu ikakhala pansi kwenikweni khutu limodzi limamveka kwambiri kuposa linzake, ndipo ndikangoisuntha pang'ono mawu akwera kale mopweteka. Pa timahedifoni tolowetsa m'khutu mumamvekanso shiii.

Yankho: Zonsezi zikusonyeza kuti ampulifaya ikukweza mopitirira zimene mahedifoni anu akufuna. Mizere iwiri ya m'kati mwa voliyumu yamapasa siifanana bwino kumayambiriro, ndipo inu mukukakamizika kukhala komweko. Sinthani ya 22k muikepo 47k, kukweza kutsike kufika pafupifupi 2, kuti voliyumu muziigwiritsa ntchito cha pakati pamene mbali ziwiri zimafanana. Onaninso cholembedwa pa thupi lake. Kwa opanga ambiri A10K ndi ya nyimbo, imene imakwera pang'onopang'ono poyamba, pamene B10K imakwera mofanana njira yonse ndipo khutu limaimva ngati yalumpha. Shiii wa pa timahedifoni ta m'khutu amachepa mukaika BC549C kapena BC550C, zimene zinapangidwira phokoso lochepa, komanso mukasintha ya 10 Ω potulukira n'kuikapo 47 Ω. Kapasita ndi mawaya a mtengo wapatali sizichotsa phokosoli.

Funso: Nthawi zina ndimamva wailesi chapansipansi m'mahedifoni, ndipo foni ikatsala pang'ono kuitana mumamveka dididi. Nthawi zinanso mawu amangosasa okha, ndikayandikitsa dzanja pabolodi amasintha.

Yankho: Apa pali mavuto awiri. Loyamba ndi mafunde a wailesi amene akulowa kudzera pa waya wa nyimbo, ndipo base ya Q1 ikuwasandutsa mawu. Pa jaki yolowera ikani rezisita ya 1k motsatizana ndi waya wa nyimbo, kenako kakapasita ka 470 pF kopita ku girawundi, mbali iliyonse. Bokosi lachitsulo lolumikizidwa ku girawundi malo amodzi limathandizanso, ndipo foni isagone pamwamba pa bolodi.

Lachiwirilo ndi seketi kudziliza yokha pa mafunde okwera kwambiri oti khutu silingamve. Zizindikiro zake ndi zomwe mwanenazo, kuphatikiza mavoti a pa emitter ya Q2 kusintha mukangokhudzapo ndi waya wa mita. Onani ngati kakapasita ka 22 pF kalipo pa ya 100k, ndiponso ngati karezisita ka 47 Ω kali pafupi kwenikweni ndi mwendo wa base ya BD139, osati kumapeto kwa waya wautali. Ya 100 nF ikhale pafupi ndi collector ya BD139, miyendo yake ifupikitsidwe. Waya wotulukira asayende limodzi ndi wolowera, ndipo ngati n'kosatheka kuwatalikitsa, adutsane mopingasa. Zikapitirira, sinthani ka 22 pF muikepo 33 pF. Musapitirire 47 pF, chifukwa ndi 100k malire a mawu a pamwamba amatsika kufika 34 kHz, ndipo kupyola apo mumayamba kudula zimene khutu limamva.